Masika, Nthaŵi Yophunzitsa Ana Aang'ono

MU April mvula imaleka ku Harare, chimanga chimauma m'timinda ta m'tauni, ndipo sukulu zimatsekera. Ku Rugare, dera lomangidwira antchito a njanji, kuli mabanja ambiri ochokera ku Malaŵi. Komabe, kaŵirikaŵiri ana awo amazoloŵera Chishona naiŵala Chicheŵa. Kodi makolo angachitenji?

2 Masika amapereka mpata wabwino. Mwana wazaka zinayi angathe kutonola chimanga, kutola mbatata zokumbidwa, kapena kuyanika nkhwani wa mfutso. Pantchitoyo, amayi angamtchulire dzina la chinthu chilichonse m'Chicheŵa. Madzulo kukazizira, agogo angasimbe nthano uku akukazinga chimanga. Motero mwanayo amakolola chinenero cha makolo ake limodzi ndi chakudya.

1. Kodi mabanja a ku Rugare ali ndi vuto lotani?
2. Kodi masika angathandize motani?