Nambala 2075: Kuitchula, Kuigawa ndi Kuiika m'Gulu Lake

Ana a ku Josina Machel, mumzinda wa Tete, amaudziwa bwino mtsinje wa Zambezi. Kumtunda kwa mtsinjewu, ku Songo, kuli damu la Cahora Bassa, kumene kuli makina asanu opangira magetsi. Alionse mwa makinawa angathe kutulutsa mamegawati 415, ndipo onse pamodzi amakwanitsa 2075. Nambala imeneyi ndiyo tiphunzitsire lero.

Kuitchula

M'chinenero chathu timati zikwi ziwiri, makumi asanu ndi awiri, mphambu zisanu. Taonani kuti ziro samveka pakamwa, ngakhale m'Chipwitikizi momwe. N'chifukwa chake ana ena amalemba 275, pamene ena amalemba 200075. Tisafulumire kuwadzudzula, pakuti alemba chimene amva. M'malo mwake tikumbe maenje anayi pansi ngati a bawo: la zikwi, la mazana, la makumi ndi la imodziimodzi. Tiikemo timiyala tiwiri, tilumphe dzenje lachiwiri, kenako tiike tisanu ndi tiwiri, potsiriza tisanu. Dzenje lopanda kanthulo ndiye ziro, ndipo silingakwiriridwe popanda kusintha nambala yonse.

Kuigawa

Tifunse ana mafunso awa motsatana:

1. Kodi igawika ndi 2? Ayi. Imathera ndi 5, choncho pogawira anthu awiri patsala imodzi.
2. Nanga ndi 3? Tiphatikize 2, 0, 7 ndi 5, tipeza 14. Popeza 14 sagawika ndi 3, nayonso 2075 siingagawike.
3. Nanga ndi 5? Inde, yankho ndi 415, monga makina aja atisonyezera kale. Apa chinenero chathu chimatithandiza, chifukwa powerenga timatsamira pa zisanu.

Tikagawanso 415 ndi 5 tipeza 83. Ana ayese kugawa 83 ndi 2, 3, 5 ndi 7. Nthawi zonse padzakhala chotsala. Sitifunika kupitirira pamenepa, pakuti 11 × 11 aposa kale 83. Motero 2075 = 5 × 5 × 83, ndipo manambala oigawa popanda chotsala ndi asanu ndi imodzi: 1, 5, 25, 83, 415 ndi 2075.

Kuiika m'gulu lake

Mwana akatha kufotokoza zimenezi m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe, ndi pamene timuuze maina a m'Chipwitikizi. 2075 ndi ímpar chifukwa siigawika ndi 2. Ndi número composto chifukwa ili ndi oigawa oposa awiri. 83 ndi número primo chifukwa imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi. Tikayamba ndi mainawa, mwana adzaloweza mawu amene sakuwamvetsa, ndipo adzasowa pogwira akakumana ndi nambala yachilendo.

Ntchito

Dziko la Mozambique lidalandira ufulu mu 1975. Tisanalowe m'kalasi, ifeyo tiyambe taitchula nambala imeneyi m'chinenero chathu, tiiike m'maenje anayi aja, ndi kupeza onse oigawa. Kodi ikufanana pati ndi 2075, nanga ikusiyana nayo pati?