Mafunso ofunsa a bungwe akamati athetsa ulova

A bungwe akafika kuno ku Mtunthama n'kunena kuti "achinyamata ambiri amene tinawaphunzitsa ali pantchito", inu a komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi atsogoleri a makalabu a achinyamata musafulumire kuwomba m'manja. Yambani mwafunsa, mwaulemu koma mopanda mantha.

Funso loyamba ndiye lalikulu: anawayerekeza ndi ndani? Mnyamata wochangamuka amene amathamangira kukalembetsa za ukalipentala mwina akanadzipezera chochita ngakhale popanda maphunzirowo. N'chifukwa chake akatswiri a kafukufuku amachita maere, gulu lina liyambe, lina lidikire, kenako n'kuona ngati magulu awiriwo asiyana. Ndi mmene Kathleen Beegle, Emanuela Galasso ndi Jessica Goldberg anaunikira ntchito za MASAF za mu 2012 ndi 2013, pomwe anthu ankalandira K300 patsiku. Sanapeze umboni woti mabanja ogwira nawo ntchitozo ankadya bwino kapena kuthira feteleza wambiri kuposa anzawo. Zimawawa kumva, pakuti tonse tinkaona anthu ali kalikiliki m'misewu ndi makasu, koma kuona ndi maso kokha sikukanatiuza zimenezi.

Chachiwiri, anafunsa mwezi wanji? Kuno ndalama zimayendera nyengo. Mu June, fodya atagulitsidwa ku Chinkhoma, telala amakhala ndi mulu wa nsalu pakhonde, wowotcherera ali jijirijijiri ndi mafelemu a zitseko. Bwereraninso mu January nkhokwe zitauma, mukapeza telala yemweyo akubandira pa ganyu m'munda wa wina. Lipoti lodalirika limatchula mwezi umene anafunsa, komanso kuti papita miyezi ingati chimalizireni maphunziro.

Chachitatu, nanga osiyira panjira ali kuti? Kafukufuku amene Yoonyoung Cho, Mushfiq Mobarak ndi anzawo anatulutsa mu 2013 anatsata achinyamata amene TEVETA inawatumiza kwa amisiri kukaphunzira ntchito zamanja pafupifupi miyezi itatu. Ambiri sanamalize, ndipo ofufuzawo anachita kuwalondola m'makwawo. Atsikana ankakanika chifukwa cha ntchito zapakhomo, matenda ndi kutalika kwa mtunda. Ophunzirawo anati luso analipeza, koma m'miyezi yochepa yotsatira phindu la ndalama silinaoneke, ndipo anyamata anapindula kuposa atsikana. Lipoti lowerenga omaliza okha limabisa zonsezi. Pemphani chiwerengero cha amuna pachokha, cha akazi pachokha.

Musaiwale kufunsa kuti munthuyo akupeza ndalama zingati pamwezi, ndiponso kuti bungwe linawononga zingati pa iye.

Kenako bwerani nazo kunyumba. Zimene zinayenda ku Lilongwe sizingangoyenda pano, pomwe makasitomala ndi alimi a fodya ndi antchito ochepa a pa Kamuzu Academy ndi kuchipatala. Musanavomere kuti atsikana khumi aphunzire kusoka, werengani matelala amene ali kale pamsika.

Pulogalamu ikamayamba, gulani kope. Lembani mayina a onse amene anafuna kulowa, osankhidwa ndi otsala omwe, ndi zimene aliyense akupeza tsiku limenelo. Mukawayenderenso onsewo kawiri, nthawi ya okushoni ndi nthawi ya njala, ndipo kopelo mupite nalo ku msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC).