Geni ya mandasi: zoyenera kuwerengera musanakoleze mbaula

Ambiri akaganiza zoyamba geni ya mandasi amathamangira kugolosale kukagula fulawa. Inu yambirani pamsewu. Lawirirani m'mamawa kwa masiku angapo, mukaime pamalo pamene mukufuna kuti muzidzaika ndowa yanu: pasiteji ya minibasi, pachigayo, pomwe amaima a kabaza, kapena pafupi ndi nyumba imene akumanga. Onani amene akugulitsa kale, ndipo makamaka onani nthawi imene ndowa zawo zimatha. Ngati pofika 9 koloko mandasi atha koma anthu akufunsabe, malo alipo. Ngati dzuwa lafika paliwombo mayi wogulitsayo akuingitsabe ntchentche pa ndowa yodzadza, fufuzani kwina, ngakhale malowo akhale pafupi ndi kwanu.

Mukapeza malo, phikani kamodzi mongoyesa, ndi kilogalamu imodzi ya fulawa. Cholinga cha tsikuli n'kuwerenga. Kandani, dulani kukula kumene mudzagulitse, kazingani, kenako werengani kuti atuluka angati. Mafuta muwayeze m'botolo musanathire m'poto, ndipo akazizira muwabwezere m'botolomo kuti muone amene apita. Apa m'pamene ambiri amadzinamiza, chifukwa amawerengera fulawa ndi shuga basi, kuiwala kuti mandasi amamwa mafuta. Lembani m'kope chilichonse: fulawa, shuga, yisiti, mchere, mafuta, makala, mapepala okulungira, tikiti ya msika, ndalama ya kabaza ngati malowo ali patali.

Tiyerekeze kuti zonse zakwana K6,000 ndipo mwatulutsa mandasi 40. Ndiye kuti ndasi lililonse lakudyerani K150. Mukamagulitsa pa K200, phindu likuoneka ngati K2,000. Tsopano chotsani anayi amene ana anyamula popita kusukulu, awiri amene apserera pomwe mumasuzumira phala, ndi anayi amene atsala madzulo. Mwagulitsa 30, mwapeza K6,000. Mwadzuka usiku, mwapsa ndi moto, koma mwangobweza mpamba. Mitengo yeniyeni ya kwanu idzasiyana ndi iyi, koma masamu ake ndi omwewa, ndipo kuli bwino akukhumudwitseni papepala kusiyana n'kuti akukhumudwitseni mutakongola kale.

Masamuwa si ochita kamodzi. Tirigu wambiri amene timadya m'Malawi muno amachokera kunja, choncho kwacha ikagwa fulawa amakwera nthawi yomweyo. Mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, amene ankagulitsabe pamtengo wakale poopa kuthawitsa makasitomala anali kudya mpamba wawo osadziwa. Nthawi iliyonse mukakaoda katundu, tsegulani kope lija. Zinthu zikakwera, mukhoza kukweza mtengo kapena kuchepetsa kukula kwa ndasi. Ine ndimaona kuti kuchepetsa pang'ono kamodzi anthu amakhululuka, koma mukapitiriza mpaka ndasi n'kumatha kulowa m'kamwa lonse, amasamukira kwa mnzanu osakuuzani. Ena amapanga amitundu iwiri, aang'ono a ana asukulu ndi aakulu a anthu a maganyu.

Nanga mpamba uchokere kuti? Kwa katapila musapiteko. Chiwongola dzanja chake n'chachikulu moti palibe mandasi amene angachibweze, ndipo mapeto ake amakhala kulandidwa poto ndi mbaula zomwezo. Mpamba wabwino woyambira ndi wanuwanu, ngakhale uchepe: ndalama ya ganyu, ya nkhuku imene mwagulitsa, kapena imene mwalandira pogawana kubanki m'khonde. Mukakongola kubanki m'khonde, tengani yongokwanira kuoda katundu wa masiku ochepa. Ngongole zokulirapo, monga za kumabungwe obwereketsa ndalama, zidikire kaye mpaka kope lanu litasonyeza kwa miyezi ingapo kuti geni ikubala. Ziwiya gwiritsani ntchito zimene muli nazo kale. Chofunika kugula ndi ndowa yoonekera mkati yokhala ndi chivundikiro, ndi foloko kapena chopanira.

Tsopano tifike pamene mageni ambiri a pakhomo amafera. Ndalama ya mandasi imabwera tsiku ndi tsiku, ili m'manja, ndipo mavuto a pakhomo nawonso amabwera tsiku ndi tsiku. Ndiwo zasowa, mutapako. Mwana akufuna cholembera, mutapako. Bambo akuti "mayi, tandibwerekeni ya minibasi, ndibweza madzulo," mutapako. Palibe tsiku limene munganene kuti lero ndawononga, koma pakutha sabata ziwiri mupeza kuti ndalama yatsala siikwana ngakhale theka la fulawa.

Mankhwala ake ndi kugawa ndalama madzulo aliwonse, musanagule kanthu kalikonse. Yambani mwachotsa mpamba wa mawa wonse, pamtengo wa lero, n'kuuika pawokha. Imeneyo si yanu, ndi ya geni. Yotsalayo ndiye phindu, ndipo muigawe pawiri: ina ya pakhomo, ina yosunga. Yosungayo isagone m'nyumba. Iikeni ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba, kapena muziponya masheya kubanki m'khonde sabata iliyonse. Mukamaika pafoni, kumbukirani kuti potapa amadulako, choncho musamaike ndi kutapa tsiku lililonse.

Nkhaniyi muikambe ndi a m'nyumba mwanu geni isanayambe, osati tsiku limene mwakangana. Auzeni poyera kuti, "Bambo, ndalama ya m'chitini ichi ndi ya fulawa. Ikatha, geni yatha, ndipo ya ndiwo ija sidzapezekanso." Ana nawonso adziwe kuti mandasi awo ndi angati patsiku, ndipo muwalembe m'kope ngati ndalama yotuluka. Zovuta ngati maliro ndi matenda sizipangana ndi munthu, ndipo simungakane kuthandiza. Ndiyo ntchito ya ndalama yosunga ija, kuti chipepeso chisachokere mumpamba.

Ngongole ndiyo imavuta kwambiri chifukwa okongolawo ndi anansi, anzanu a kumpingo, alamu anu. "Anambewe, patseniko asanu, ndikupatsani pakutha pa mwezi." Kukaniratu aliyense n'kosatheka m'mudzi kapena m'tauni momwe, poti mawa mudzafuna kupala moto kwa yemweyo. Koma ikani malire. Kongozani okhawo amene mukudziwa pomwe amalandirira ndalama ndi tsiku lake, lembani dzina ndi tsiku iwo akuona, ndipo amene sanabweze yakale asatenge yatsopano. Powerengera madzulo, ndalama ya m'ngongole musaiphatikize ndi imene mwagulitsa. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amisiri omanga nyumba amagula bwino, koma funsani kuti ntchito yawo itha liti, chifukwa nyumba ikafoleredwa amabalalika ndipo simudzawaonanso.

Ukhondo musautenge mopepuka. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo panthawiyo boma lidaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'masukulu. Anthu sanaiwale. Ndowa izikhala yovundikira, dzanja logwira ndalama lisagwire mandasi, ndipo kasitomala asapise yekha m'ndowa n'kumasankha. Mafuta akada ndi kuyamba kununkha, atayeni. Ndikudziwa kuti zimawawa, koma ndasi lowawa mafuta limathamangitsa munthu amene akadagula kwa inu chaka chonse. Otsala dzulo musawasakanize ndi a lero. Agulitseni padera motsika mtengo, ndipo mawa lake muchepetse fulawa.

Za mapepala siziyenera kukuopsani poyamba. Mukakhala mumsika, lipirani tikiti ya khonsolo ndipo muzisunga kalisiti kake. M'mizinda ngati Lilongwe ndi Blantyre, kugulitsa pamalo osaloledwa kumatha kukulanditsani katundu, choncho funsani atcheya a msika kapena kukhonsolo musanakhazikike. Pageti la sukulu, yambani mwaonana ndi aphunzitsi aakulu. Geni ikadzakula mpaka kumaperekera m'magolosale ndi m'makantini a maofesi, pamenepo m'pofunika kulembetsa dzina la bizinesi kuboma ndi kutenga nambala ya msonkho ku MRA, chifukwa makampani ambiri salipira munthu wopanda zimenezi. Muzipita ndi kope lanu lija, poti ngakhale obwereketsa ndalama amafuna kuona mmene malonda akhala akuyendera.