Kusankhira Mwana Chipangizo Chowerengera Mabuku

Kholo la m'tauni likafuna kutumizira mwana wake wa kumudzi, monga ku Mlangeni m'boma la Ntcheu, chowerengerapo mabuku, limathamangira foni. Koma foni imabweranso ndi TikTok ndi zithunzi zosayenera.

Chipangizo cha mabuku, monga Kindle, chilibe zosokoneza zambiri. Batire lake limakhala masabata angapo lisanathe moto, ndipo chimawerengeka ngakhale padzuwa.

Lisanagule, kholo lidzifunse mafunso atatu. Kodi mungalowe mabuku a Chichewa, monga nthano zaulere za African Storybook? Kodi intaneti ingatsekedwe? Nanga ndani aziwerenga naye mwanayo madzulo?

Funso lachitatuli ndiye lalikulu. Miyambo 22:6 ikukumbutsa kuti mwana amasunga njira imene anaphunzitsidwa ali wamng'ono, ndipo ntchito imeneyi chipangizo sichingagwirire makolo kapena agogo. M'mera mpoyamba.