Zipangizo za kumkombaphala: yambirani pakhomo panu

Ngati mwana wanu amapita kumkombaphala, tsiku lina mukasuzumire m'kalasimo. M'sukulu zambiri za mmera mpoyamba mupeza ana akulimbirana mpira umodzi, mlezi akungowaimbitsa nyimbo chifukwa alibe chowagwiritsa m'manja. Musadikire bungwe. Zambiri zofunika zili pakhomo panu pomwepo.

Yambani mwafunsa mlezi zomwe zikusowa. Kenako komiti ya sukuluyo ipemphe amfumu kuti amemeze makolo, aliyense abwere ndi zake: zitsononkho, zitsekerero zapulasitiki za mabotolo, makatoni a kugolosale, tizidutswa ta nsalu ta kwa telala, zigoba za malambe. Ntchito yonse itha masana a Loweruka awiri.

Zitsekerero zitsukeni ndi sopo, ana aziwerengera ndi kusiyanitsa mitundu. Makatoni adulenidule timakadi, mulembepo a, e, i, o, u ndi manambala kuyambira 1 mpaka 10, zooneka patali; zithunzi muzimata ndi phala la ufa wa chinangwa. Chitsononkho mukachiveka kansalu, chidole chatheka. M'chigoba cha mlambe ikanimo timiyala, mutseke zolimba, akhale maseche. Umbaninso ng'ombe ndi timiphika tadongo, ziume pamthunzi masiku atatu kapena anayi, chifukwa padzuwa zimang'aluka. Ndalama zingopita ku sizasi, singano, ulusi ndi choko, ndipo makolo akasonkha pang'onopang'ono zikwana.

Apa ndiye mumvetsetse. Mwana wa zaka zitatu chilichonse amaponya m'kamwa kapena m'mphuno, choncho nyemba ndi chimanga musawerengetsere ana. Nsatsi zisafike n'komwe, ndi poizoni. Botolo lomwe munali mankhwala a kumunda litayeni ngakhale litatsukidwa, ndipo zitsekerero zachitsulo zimacheka.

Chovuta kupeza ndi mabuku. Komiti ilembe kalata ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu, yomwe imayang'anira sukuluzi, ndipo itsimikize kuti yanuyo inalembetsedwa, popeza mabungwe othandiza nthawi zambiri amadzera kumeneko. Kafunseninso kunthambi ya National Library Service. Pemphani mabuku azithunzi a m'chiyankhulo chomwe anawo amayankhula kunyumba. Podikira yankho, sokani timabuku tanutanu, mujambulemo nthano za kalulu zomwe agogo amakamba.

Poweruka, zonse ikani m'chidebe chovindikira kapena m'thumba lopachika kudenga, kuopa chiswe ndi chinyezi. Koma m'mawa uliwonse muzizitulutsa. Chikathyoka mudzapanga china Loweruka lotsatira.