Kodi Namasupuni Adafika Bwanji mu Shire?

Magetsi ambiri amene timagwiritsa ntchito kuno ku Ntcheu amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. M'dzinja namasupuni ndi zomera zina zimatsika ndi madzi n'kutseka polowera madzi m'makina, ndipo magetsi amathima. Namasupuni amatsekanso njira za mabwato ndi kulepheretsa asodzi kuponya maukonde.

Chomera chimenechi si chakuno. Kwawo ndi ku South America, m'chigwa cha mtsinje wa Amazon. Madzi amchere amachipha. Nanga chidawoloka bwanji nyanja zikuluzikulu? Sayansi ya chibadwa ikutithandiza kuyankha.

Sayansiyi idayamba ndi Bambo Gregor Mendel, wansembe wa chipani cha Augustino Woyera ku Brno. M'chaka cha 1866 iwo adasindikiza zimene adapeza pobzala nsawawa: kuti maonekedwe a kholo amapita kwa mwana motsata malamulo. Lero tidziwa kuti uthengawo umalembedwa m'kati mwa chamoyo chilichonse, mu chinthu chotchedwa DNA. Abale enieni amafanana kwambiri DNA, achilendo amasiyana. Choncho poyerekeza DNA ya zomera za m'maiko osiyanasiyana, akatswiri amatha kulondola kumene zidachokera, monga mlenje alondola mapazi a nyama.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tipite ku Tsangano. Mlimi wa kachewere sabzala njere. Amabzala mbatata yeniyeniyo. Mbewu yomera pamenepo si mwana wa makolo awiri ayi, koma ndi kholo lomwelo lophukanso, ndipo DNA yake siisintha. Namasupuni amachitanso chimodzimodzi. Amatulutsa mphukira m'mbali, mphukirayo n'kuduka n'kukhala chomera pachokha. Madzi akakhala ndi chonde, chiwerengero chake chimawirikiza kawiri m'masabata awiri okha.

M'chaka cha 2010, Spencer Barrett wa ku yunivesite ya Toronto ndi anzake awiri a ku China adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa zomera 1,140 zochokera m'malo 54 a dziko lapansi. Ku South America adapeza mitundu yambiri yosiyana DNA. Koma kunja kwa kwawoko, pafupifupi malo 8 mwa malo 10 aliwonse adali ndi mtundu umodzi wokha. Chodabwitsa n'chakuti mtundu umodzi, umene udapezekanso ku Peru, ndiwo udadzaza malo ambiri a kunjako.

Tanthauzo lake ndi ili: namasupuni sadayende yekha. Anthu adatenga zomera zochepa chifukwa cha duwa lake lokongola, n'kumapatsirana kuti akongoletse maiwe a pakhomo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1800 chidadutsa m'manja ndi m'manja, dziko ndi dziko, mpaka chidaoneka m'chigwa cha Shire m'zaka za m'ma 1960.

Kudziwa kwawo kwa chomera kumathandizanso kupeza mdani wake. Ku South America kuli tianankafumbwe totchedwa Neochetina timene timadya masamba ndi kuboola tsinde la namasupuni. M'zaka za m'ma 1990 tizilomboti tidabweretsedwa m'Malawi ndi kumwazidwa mu Shire. Ku Liwonde kulinso makina ovuula zomera m'madzi zisadafike ku Nkula.

Nafenso a ku Ntcheu nkhaniyi ikutikhudza. Mtsinje wa Rivirivi umachokera m'boma lino n'kukathira mu Shire. Feteleza ndi nthaka yokokoloka m'minda yathu ndizo chakudya cha namasupuni. Tisalime m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Ndipo tikapita kutchuthi, tikawauze makolo ndi abale kuti asatenge chomerachi kukaika m'damu kapena m'dziwe la nsomba, ngakhale duwa lake likongole bwanji. Mphukira imodzi ndi yokwanira kudzaza damu lonse.

Mafunso okambirana m'magulu:
1. Fotokozani kufanana kwa kachewere ndi namasupuni pa kaberekedwe.
2. N'chifukwa chiyani mitundu yambiri ya DNA imapezeka kwawo kwa chomera?
3. Tchulani zomera zina zobwera zimene zalanda malo kwanu.