Musanalipire kamera yakale ya filimu, yambani mwaiunika ndi tochi

M'masutikesi a m'nyumba zambiri kuno ku Mangochi mukugona makamera a filimu. Ena anabwera ndi makolo athu pochokera ku Joni, ena anali a madala aja ankayenda pa njinga mudzi ndi mudzi kujambula maukwati, Idi ndi tsiku lotuluka ana kusimba, ena anasiyidwa ndi alendo odzaona nyanja ku Cape Maclear. Mafoni atabwera, onsewa anaiwalika. Lero achinyamata ayambanso kufuna filimu, ndipo eni masutikesi amva kuti zakalezi zili ndi ndalama. Vuto ndi lakuti wogula ndi wogulitsa onse amangotchula mitengo ya m'mutu, wina n'kupwetekapo.

Mtundu umene tikukamba pano ndi uja ojambula amati rangefinder. Mukasuzumira pa kawindo ka kumbuyo, pakati penipeni pamaoneka kachigamba kowala, kawirikawiri kachikasu, ndipo chinthu chimene mwalozetsapo chimaoneka pawiri. Mukamapotokola galasi la kutsogolo, ziwirizo zimayandikana mpaka kukhala chimodzi, ndiye kuti chithunzi chanu sichidzatuluka mbuu. Yashica Electro 35, Canon Canonet QL17, Minolta Hi-Matic 7s, Olympus 35 RC, ndi a ku Soviet Union monga Zorki, FED ndi Kiev, onsewa ndi a mtunduwu. Olympus Trip 35 imafanana nawo thupi koma kachigambako ilibe, mtunda mumangoyerekeza nokha. Ndi kamera yabwino, koma musailipire mtengo wa chinthu chimene ilibe.

Musanapite n'komwe kwa wogulitsa, fufuzani kumene mudzagule filimu ndi kumene mudzatsukitse. Masitudiyo ambiri anasamukira ku makina osindikiza zithunzi za m'foni. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town malo otsuka filimu akadalipo, choncho amene ali ndi m'bale wodalirika woyenda njira ya ku Joni ali ndi pogwira. Wopanda njira yotero adziwe kuti akugula chokongoletsa pa kabati, ndipo alipire mtengo wa chokongoletsa.

Popita tengani tochi, tepi ya telala ndi batire loyenera kamerayo. Pitani masana. Akakupatsani m'manja, musathamangire kutsegula chitseko cha kumbuyo. Zungulitsani pang'onopang'ono kachogwirira kobwezera filimu. Kakamalimba, m'katimo muli filimu: ikulungeni yonse mpaka kafewe, kenako mutsegule, muitulutse, muiike pambali.

Tsopano galasi, pakuti ndi pamene pagona mtengo wonse. Kuno kunyanja mdani wamkulu ndi chinyontho. Kuyambira Novembala mpaka Epulo kamera yotsekeredwa m'chikwama chachikopa, pansi pa zovala, imachita chuku m'kati mwa magalasi monga achitira chimanga chosauma. Ikani liwiro pa chilembo B, tsegulani bowo lolowera kuwala mpaka pa nambala yaing'ono kwambiri, dinani batani osalisiya, ndipo muunike ndi tochi kuchokera kumbuyo mukuyang'ana kutsogolo mopendeketsa. Tifumbi tochepa tisakuopseni, kamera ya zaka 50 siingakhale yopanda fumbi ndipo pa chithunzi sitioneka. Mukaona timizere toyera totambalala ngati ukonde wa kangaude kapena mizu ya udzu, chimenecho ndi chuku. Chikakhala chochepa m'mphepete mmisiri angathe kupukuta, koma chokhalitsa chimadya khungu la galasi ndipo chipsera chake sichichoka. Galasi looneka ngati mwalowa utsi limatulutsa zithunzi zotuwa. Onaninso zokalika. Mchenga wouluzika ndi mwera ukagwera pa galasi, munthu n'kupukuta ndi malaya, umasiya timizere tozungulira. Kukalika kwa galasi la kumbuyo, loyang'ana filimu, n'koipa kuposa kwa la kutsogolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: ine kamera yakunja konyuka koma ya magalasi oyera ndimaisankha kusiya yonyezimira ya chuku.

Kachigamba kaja kayeseni pawiri. Tulukani panja, ikani galasi pa chizindikiro cha kutali kwambiri, chija chooneka ngati 8 wogona, n'kulozetsa pa chinthu chakutali ndithu, monga mapiri a njira ya ku Namwera mukakhala pa boma, kapena nsonga ya chilumba cha Thumbi mukakhala ku Chembe. Ziwiri zija ziyenera kugwirana ndendende. Kenako yezani ndi tepi mita imodzi kuchokera pa mpanda wa chitseko kufika cha kumbuyo kwa kamera, pamene pamagona filimu, gwirizanitsani kachigambako, muone ngati nambala ya pa galasi ikulozadi pa 1. Zikaphonyana pang'ono, kapena china chikakwera pamwamba pa chinzake, wodziwa amakonza ndi kasikuluwu ndipo ndi chifukwa chabwino chonenerera. Koma kachigambako kakazilala moti simukukaona m'nyumba, ndiye kuti kagalasi ka m'kati kafwifwa, ndipo kupeza kena kuno n'kovuta. Imeneyo isiyeni.

Shata, kachitseko kolowetsa kuwala, imayesedwa ndi khutu. Ikani pa liwiro lochedwa kwambiri, dinani, mverani. Iyenera kulira mosadodoma n'kutseka yokha. Ikamakoka ngati yatopa kapena kuima panjira, mafuta akale auma. Kwerani liwiro limodzi limodzi mpaka 1/500 mukuyang'ana kuwala kudzera kumbuyo, ndipo liwiro lililonse lioneke lofulumira kuposa linzake. Timasamba ta m'kati mwa galasi tikhale touma, topanda mafuta kapena dzimbiri. Kachitsulo kodzijambulira nokha musakakhudze, chifukwa pa makamera okalamba kamakonda kukakamira pakati n'kumanga kamera yonse, mlandu n'kukhala wanu.

Zorki, FED ndi Leica zili ndi shata ya nsalu yakuda, ndipo pakati pa galasi ndi nsaluyo palibe chotchinga. Kamera yotere ikasiyidwa chagada pa mchenga dzuwa la Okutobala lili pamutu, galasi limasonkhanitsa dzuwa n'kuboola nsalu. Lowani nayo m'chipinda cha mdima, chotsani galasi, unikani nsalu yoyamba, kokani chokokera filimu, unikaninso yachiwiri. Kadontho ka kuwala kalikonse kadzaoneka pa chithunzi chilichonse. Pa Zorki 4 musasinthe liwiro musanakoke chokokera filimu, mungathyole za m'kati.

Tsegulani pokhala batire. Unga woyera kapena wobiriwira ndiye kuti batire linaphulikira momwemo, ndipo mwina ladya waya. Ambiri mwa makamerawa anapangidwira mabatire a mercury amene analeka kupangidwa. Canonet QL17 GIII ya 1972 inkafuna la mavoti 1.35, ndipo lero anthu amaikamo la zothandizira kumva la nambala 675. Ubwino wake ndi wakuti imajambula ngakhale popanda batire ngati musankha nokha liwiro ndi bowo. Yashica Electro 35, imene inayamba kutuluka mu 1966, popanda batire imangowombera pa 1/500 basi, ngakhale B yake sagwira. Pitani ndi batire la mavoti 6 la 4LR44 ndi kasipuling'i kodzazira mpata. Mukamakoka chokokera filimu pa Yashica imeneyi muyenera kumva kaphokoso kakuti go. Kakapanda kumveka, kalabala ka m'kati katha, ndipo kukasintha n'kumasula kamera. Wogulitsa akati, "Achimwene, ili bwinobwino, yangosowa batire," muyankheni mwaulemu kuti batire mwabwera nalo, muyesere limodzi.

Siponji yakuda ya m'mphepete mwa chitseko pafupifupi nthawi zonse imakhala itasanduka phula. Limeneli si vuto lalikulu. Mumapala ndi kamtengo n'kuikamo ulusi wakuda wolukira majuzi.

Nanga mtengo? Kukalamba pakokha sikukweza mtengo. Canonet QL17 GIII ndi Zorki 4 anapangidwa oposa 1 miliyoni mtundu uliwonse, ndipo Yashica Electro 35 anachuluka kuposa pamenepo. Lowani pa msika wa pa intaneti wa eBay, lembani dzina lonse la kamerayo, n'kusankha kuona zimene zinagulidwa kale, osati zimene anthu akungoitanira. Onani zisanu kapena khumi zofanana ndi yanuyo, tengani mtengo wapakati, muusinthe m'makwacha pa mtengo wa dola wa tsikulo. Mtengo umene munamva zaka zapitazo ulibenso ntchito, pakuti mu Novembala 2023 mokha kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mtengo wa pa eBay ndi wa kamera yoyesedwa, kumaiko kumene okonza ndi filimu zili pafupi. Pamenepo chotsanipo za kukonza chilichonse mwapeza, kuphatikizapo ulendo wopita nayo kwa mmisiri. Kwa ine, yogwira zonse ingayandikire mtengo wapakatiwo, yofuna kukonza shata kapena kachigamba isapitirire theka, ndipo ya chuku chokhalitsa ndi ya pa kabati. Njira yachilungamo koposa ndi kugwirizana kuti mupereke theka, mujambule filimu imodzi, zotsala mudzamalize zithunzi zikatuluka.

Leica ndi nkhani ina. M3 ya 1954 yogwira bwino imapitirira madola 1,000, n'chifukwa chake Leica zabodza zilipo zambiri, zopangidwa kuchokera ku Zorki ndi FED, zina zopakidwa mtundu wa golide. Chotsani galasi muyang'ane m'kamwa mwa kamera cha kumwamba: Leica yeniyeni ili ndi kagudumu kozungulira, za ku Soviet Union zili ndi kachitsulo kosongoka kosazungulira.

Funsani kumene kamera inachokera. Mnyamata wokutsatirani pa gombe ku Monkey Bay ndi kamera yodula, wofuna ndalama zamsanga ndiponso wosadziwa potsegulira, mukaneni. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu. Mukagwirizana ndi mwini weniweni, lemberanani pa pepala dzina la kamera, nambala yake yodindidwa pa thupi, ndalama ndi tsiku, pakhalenso mboni. Kunyumba isungeni m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho tija timabwera m'mabokosi a nsapato, mutaichotsa m'chikwama chachikopa, batire lili padera.

Ambiri ogulitsa makamerawa si mavenda ayi. Ndi amayi amasiye ndi ana a malemu amene afuna ya fizi kapena ya feteleza, ndipo sadziwa chimene agwira m'manja. Mukapeza kuti kamera ndi ya mtengo woposa umene atchula, auzeni zoona, mulipire zoyenera. Filimu ija munaipeza m'kati si yanu. Mwina muli nkhope za anthu amene banjalo silidzawaonanso. Iperekeni m'manja mwawo, muwauze kuti asaitsegule, ndipo pamene mukutumiza yanu kokatsukitsa muwatengereko.